Chilankhulo Chimene a Inki Anatsala Nacho

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti Mayi Singano, ndipo dzinalo silinachokere pa ntchito yawo yosoka yokha. Anali ndi diso loboola. Munthu akabwera ndi thalauza kuti alibweze m'chiuno, iwo ankayamba apisa m'matumba, ati kuopa kuti mashini angathyole singano pa kiyi woiwalika. Zoona zake n'zakuti ankafuna kudziwa kumene mwini thalauzalo amayenda. Tikiti ya basi, kapepala ka switi, tsitsi lalitali pa kolala, zonsezi kwa iwo zinali nkhani. Miseche sinali yawo, ayi. Ankangosunga mumtima, n'kumamuyang'ana munthuyo mpaka iye yekha ayambe kutuluka thukuta.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawakanika, ndiye amuna awo. Zaka zoposa makumi anayi akupisa m'matumba a bambo amenewa, sanapezemo kanthu koposa kansalu kopukutira manja ndi tizidutswa ta mtovu. Bambowo ankagwira ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, masiku amene zilembo zinali zamtovu ndipo munthu ankazitola ndi zala, chimodzichimodzi, n'kuzisanja m'mizere. Zala zawo zinada mpaka m'zikhadabo, sopo anachita kugonja, ndipo aliyense ankangoti a Inki. Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wosakonda kulankhula. Akaweruka ankakoloweka jekete kuseri kwa chitseko n'kukhala pa mpando wawo wa pawindo. Mayi Singano ankapalasa mashini uku akuwafotokozera zonse za tsikulo, wabwera ndani, wanama ndani, ndipo bambowo ankayankha ndi mutu.

"Anabadwa choncho," mayiwo ankauza anzawo. "Mawu awo ali ngati suti, amatuluka Lamlungu lokha."

Koma kusapeza kanthu sikunawakhazike mtima pansi. Kwa Mayi Singano, thumba loyera linkatanthauza munthu wodziwa kubisa. Tsiku lina kalekale anapeza m'thumba la malaya kachilembo kamtovu kachilendo, kandodo kokhala ndi kamimba pakati, kosafanana ndi chilembo chilichonse chimene anaphunzira kusukulu. Sanafunse. Anakaponya m'kachitini ka mabatani, n'kumakayang'ana nthawi ndi nthawi. Anatsimikiza kuti ndi chiyambi cha dzina la mkazi wina wa dziko lakutali.

Makompyuta atabwera kampani ija inatsekedwa, a Inki anapuma ntchito, ndipo kukhala chete kwawo kunangosamukira kunyumba tsiku lonse. Ana awo awiri anali atakula n'kupita kutali, kumangoimba foni. Ndiye m'mawa wina bambowo anawerama kuti apukute nsapato, osadzukanso. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu onse anapita.

Dokotala wake anali mayi wosazungulira nkhani. "Mawu akhoza kubwerera, akhozanso kupitiratu," anatero. "Miyezi yoyambirira ino ndiyo yofunika. Chilichonse chimene chingawatsegule pakamwa, kaya nyimbo, kaya pemphero, musachitseke. Chithamangireni."

Mayi Singano anakokera bedi m'chipinda choyandikana ndi chosokera, n'kumasiya chitseko chotsegula. Anawaimbira nyimbo za kutchalitchi. Anawatchulira mayina a ana ndi adzukulu. Anayesa ngakhale kuwaputa dala, kuwauza kuti jekete lawo lija alipereka kwa mlonda. A Inki ankangowayang'ana ndi maso onyowa, pakamwa patapotokera kumodzi. Apa ndi pamene mayiwo anazindikira kuti amawafuna mawu a munthu ameneyu, ochepa omwe aja. Anachita mantha kuti amuna awo adzapita osawauzanso ngakhale liwu limodzi.

Masana ena anaimitsa mashini kuti alowetse ulusi, ndipo anamva munthu akulankhula. Mawu ake anali omveka bwino, aakulu, osadodoma. Anathamangira kuchipinda ulusi uli m'kamwa. A Inki anali chigonere, maso ali kudenga, chala chakumanzere chikuyenda pa bulangete ngati chikutsata mzere, ndipo ankalankhula chilankhulo chimene mkazi wawo anali asanachimvepo chibadwire. Chinali cholemera, chotulukira kukhosi, lilime likumasuzumira pakati pa mano. Ananena mzere umodzi n'kuima. Anapendeketsa mutu kumanzere, kumene kunali khoma lokha, n'kudikira. Kenaka anabwereza mzere womwewo, n'kudikiranso.

"Abambo, ndine," anatero Mayi Singano. "Mukuti bwanji? Nenaninso."

Bambowo sanawacheukire n'komwe. Khutu lawo linali ku khoma.

Chimwemwe cha mayiwo chinakhala kanthawi kochepa, kenaka diso lija linadzuka. Munthu wobwebweta sadikira yankho. Uyu ankadikira. Ndipo nkhope imene ankadikira nayo inali yofewa, yokhala ngati ikufuna kumwetulira, nkhope imene Mayi Singano sanaionepo pa mpando wa pawindo uja. Anabwerera ku mashini, ndipo tsiku limenelo anasoka mkono wa diresi chagada.

Mlamu wawo, mlongo wake wa a Inki, atamva anafika ndi tambolini. Anamvetsera kamodzi kokha n'kugamula kuti achimwene alandira malilime. Mawa lake anabwera ndi amayi a mapemphero odzaza chipinda, ndipo a Inki atangonena mzere wawo uja, onse anawayankha ndi malilime awoawo, mokweza kuposa mwini wake. Wodwalayo anatsinzina n'kukokera bulangete kumaso. Potuluka, mlamuyo anaima pa mashini n'kutsitsa mawu.

"Ngati si za Mzimu, alamu, ndiye kumbukirani kuti achimwene anapitako kunja kukaphunzira mashini atsopano. Mwamuna sabwerako ndi satifiketi yokha."

"Zikomo, alamu," anayankha Mayi Singano. "Tambolini yanu musaiwale."

Anayankha mouma choncho, koma mawuwo analowa. Usana wonse ankangoyang'ana kachitini ka mabatani.

Amene anamasula chinthuchi anali kasitomala, mphunzitsi wa sekondale wa dazi lowala, amene anabwera ndi jekete kuti alitembenuze kolala. Mayi Singano anali atapisa kale m'matumba mwake n'kupezamo choko chokha. Akumuyeza m'mapewa, mawu aja anayamba kuchipinda, ndipo mphunzitsiyo anaumiratu manja ali m'mwamba.

"Mayi, ndani akuwerenga Chingerezi chakale muno?"

"Tsitsani manja, aphunzitsi. Ndi amuna anga, akudwala. Ndipo chimenecho si Chingerezi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma wailesi ndili nayo."

"N'Chingerezi ndithu. Kungoti n'cha zaka zoposa chikwi zapitazo. Mzere umenewo ndi woyamba m'buku limene tinkavutika nalo ku koleji. Anzanga ena anathawa maphunziro chifukwa cha tsamba limenelo."

Mayi Singano anamuyang'ana monga ankayang'anira anthu a tsitsi lalitali pa kolala. Anaganiza kuti mwina mlamu wawo wamutuma, kapena akungofuna kuonetsa kuti anaphunzira. Anamuuza kuti akhale pa benchi afotokoze bwino, ndipo iwo anatenga lumo n'kuyamba kusomola kolala, makutu ali tcheru kudikira pamene bodza litulukire.

Mphunzitsiyo anafotokoza. Anati chilankhulocho chinayamba ndi anthu amene anawoloka nyanja pa mabwato n'kukakhala pa chilumba, alimi ndi ankhondo, ndipo chimene a Inki ankanenacho ndicho ankalankhula. Patapita nthawi kunabwera achifwamba ochokera kumpoto. Anayamba ndi kuwotcha midzi, anamaliza ndi kukwatira komweko, ndipo mawu awo analowerera m'nyumba. Kenaka chilumbacho chinagonjetsedwa ndi anthu olankhula Chifalansa. Kwa mibadwo ingapo mafumu ndi oweruza milandu sankachifuna Chingerezi, chinali cha kukhitchini ndi kukhola, ndipo antchito ankatola mawu a mabwana awo n'kumawatchula m'njira yawoyawo. Ansembe ndi ophunzira anathiramo Chilatini. Katchulidwe kanasintha, mawu ambiri anaduka michira, mpaka mwini wake weniweni lero atamva mzere wa a Inki uja angafunse kuti ndi chilankhulo cha kuti.

"Ndiye chimene mumakalipira nacho ana athu chija," anatero Mayi Singano, "n'chigamba pa chigamba?"

"Chigamba pa chigamba, mayi, mpaka nsalu yoyamba yosaonekanso."

"Chovala chotero ine sindichikhulupirira. Umati wagwira jekete, pansi pake pali china."

Mphunzitsiyo anaseka, koma iwo sanaseke. Iye anapitiriza kunena kuti ngakhale zilembo zina zinafa, makamaka mashini osindikizira atafika, popeza zilembo zake zinkachokera kunja ndipo zachikalezo munalibe. Anatenga choko chake n'kujambula chimodzi pa thebulo lodulira nsalu. Kandodo kokhala ndi kamimba pakati.

Mayi Singano anakhuthula kachitini ka mabatani pa thebulo. Anafufuza ndi chala mpaka anakapeza kamtovu kaja, n'kukaika pambali pa chojambulacho. Mphunzitsiyo anakanyamula mwaulemu ngati kanthu ka m'tchalitchi, n'kunena kuti kakuoneka kosema ndi tupa, pamanja. Anati buku la ku koleji lija linasindikizidwa m'tauni momwemo, ndiye kuti amene analisanja anachita kudzipangira yekha zilembo zimene kampani inalibe. Mayiwo anamva manyazi pang'ono chifukwa cha mkazi wa dziko lakutali uja, amene anadana naye zaka zonsezi pomwe kulibe. Koma manyaziwo sanakhalitse. Ngati si wakutali, ndiye kuti ndi wapafupi.

Mawa lake mphunzitsi anabwera ndi buku lija, lachikuto chothetheka. Anakhala pambali pa bedi, ndipo a Inki atanena mzere woyamba, iye anawerenga wachiwiri mokweza, monyadira. Wodwalayo anakwinya nkhope. Anamenya bulangete ndi dzanja lamoyo lija, n'kubwereza mzere woyamba mwaukali, n'kupendeketsanso mutu. Mphunzitsi anayesa kangapo, osaphula kanthu. Pomaliza misozi inatsikira m'makutu mwa a Inki, ndipo mphunzitsi anatseka buku n'kupepesa.

"Sakufuna mzere wachiwiri," anatero ali pakhomo. "Akudikira china. Sindikudziwa kuti n'chiyani."

Mayi Singano ankadziwa. Kunena zoona, anadziwa kuyambira tsiku loyamba lija, kungoti mtima unkakana kutsegula chitseko chimenecho.

Kale, ana akadali aang'ono, kunagwa mvula yamphamvu masana ndipo iwo anapita ku kampani kukapereka ambulera. Anadutsa m'chipinda chachikulu cha mashini ogonthetsa m'khutu, fungo la inki ndi mafuta lili tho, ndipo wina anawalozera kachipinda ka kumapeto, kotseka chitseko. Anatsegula osagogoda. Munali thebulo limodzi, mipando iwiri yogundana, ndi windo laling'ono. Amuna awo anali ndi pepala m'manja. Kumanzere kwawo kunali mkazi woonda, wa magalasi, pensulo ili m'dzanja. Palibe chimene ankachita. Koma onse awiri anadzidzimuka, ndipo chimene chinawabaya Mayi Singano n'chakuti asanatsegule anamva amuna awo akulankhula mosadukiza, ngati munthu wina. Madzulo atafunsa, yankho linali lalifupi: "Timawerenga. Ndi ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Singano sanamutchulenso mkaziyo, koma sanamutayenso. Mumtima ankamuti mayi wa pensulo. Ankadziwa nyumba imene ankakhala, kuseri kwa malo okwerera basi. Ankadziwa kuti sanakwatiwe, kuti analera ana a mchemwali wake, kuti makatani ake anasoka telala wosadziwa ntchito. Akakumana pamsika ankayang'ana tomato. Zaka zonsezo sanapatsanepo moni.

Ndiye lero apite akamugwadire? Amulowetse m'chipinda chawo chogona, amuike kumanzere kwa amuna awo, iwo ataima ngati wantchito? Anati ayi. Anati bola malilime a mlamu. Masabata anadutsa akukana choncho, uku akupalasa mashini mwamphamvu kuti asamve. Koma ankamvabe, ndipo anamva kuti mzere uja ukuchepa mphamvu. Poyamba unkabwera kambirimbiri pa tsiku. Kenaka m'mawa mokha. Tsiku lina a Inki anauyamba n'kuusiya pakati, osapendeketsanso mutu, n'kumangoyang'ana denga. Mayi Singano anakumbukira mawu a dokotala, ndipo anadziwa kuti chitseko chimene anauzidwa kuti asachitseke akuchitseka ndi iwo eni, ndi manja awiri.

Anavala diresi yawo yabwino koposa, yosoka okha, chifukwa kwa mdani supita ndi makwinya. Anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi wodwala, n'kunyamuka.

Amene anatsegula chitseko anali kamayi kokalamba, kofota, magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Anasuzumira pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda mabatani a diresi.

"Ndakudziwani," anatero. "Ndinu munabweretsa ambulera."

"Mukukumbukira bwino."

"Inali yakuda, yothyoka nthiti imodzi. Lowani, mayi."

Mayi Singano analowa, ndipo diso lawo linazungulira chipinda chonse lisanakhale pansi. Linkafuna chithunzi, kapena mpango, kapena chilichonse chodziwika. Linapeza mabuku, wailesi, ndi kapu yosweka chogwirira yodzaza mapensulo. Anafotokoza za sitiroko mwachidule, mosapempha chisoni. Anati amuna awo sakulankhula, kupatula mzere umodzi wa Chingerezi cha anthu akufa.

"Akafika kumapeto amatani?" anafunsa mayi wa pensulo.

"Amaima. Amatchera khutu kumanzere."

Mayi uja anagwira pakamwa. Kenaka anadzuka, n'kusankha pensulo imodzi m'kapu muja, n'kufunsa kumene anaika nsapato zake. Mayi Singano anaona kuti sanafunse n'komwe ngati akuitanidwa, ndipo anachisunga chimenecho.

M'njira mayiyo anafotokoza, mwina pofuna kuti pasakhale chete. Anati tsamba likasanjidwa ankalidinda kamodzi, ndiye anthu awiri ankakhala pansi kulifufuza. Wina ankawerenga mokweza chodindidwacho, wina ankatsata pa zolemba za mwini buku. Mabuku ena ankayenda msanga chifukwa cholakwika chimamveka chokha. Koma buku lija, limene analemba pulofesa wina wa ku koleji, linali ndi masamba a chilankhulo chimene panalibe wochimva, moti pulofesayo anachita kukhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa katchulidwe kake, liwu ndi liwu. Ankalibwereza chaka ndi chaka, buku likamasindikizidwanso, mpaka linakhazikika m'mutu ngati nyimbo.

"Ndiye inu munkayankha chiyani?" anafunsa Mayi Singano.

"Palibe. Ukalankhula umamusokoneza wowerenga. Mudzaona."

Atafika, mayi wa pensulo sanapereke moni kwa wodwala. Anakoka kampando n'kukapanikiza pakati pa bedi ndi khoma, kumanzere, n'kukhala. Buku limene mphunzitsi anasiya analikana, ati maso anatha kale, atsata ndi khutu. Mayi Singano anapita kukaika madzi a tiyi, popeza mlendo ndi mlendo ngakhale umuganizire zotani, ndipo pobwera ndi thireyi anaima pakhomo.

A Inki anali atatembenuza maso. Anayang'ana kamayi kaja nthawi yaitali. Kenaka chala chinayamba kuyenda pa bulangete, ndipo mzere uja unatuluka, wofooka, wokhala ngati ukukwera phiri. Unafika kumapeto. Mayi uja anagogoda pensulo pa thabwa la bedi, kamodzi. Go.

Mzere wachiwiri unatuluka. Go. Wachitatu. Go. Mawu anayamba kukula, kudzaza chipinda, kutulukira pawindo mpaka mumsewu, mawu a anthu amene anawoloka nyanja pa mabwato akutuluka m'kamwa mopotoka mwa munthu amene sankatha kupempha madzi. Mayi Singano anaima chomwecho thireyi ili m'manja. Anali asanamvepo amuna awo akulankhula nthawi yaitali chotero, ngakhale masiku a chibwenzi. Anasangalala, ndipo nthawi yomweyo anapsa mtima kwambiri.

Kenaka pensulo inagogoda kawiri. Go, go.

A Inki anaima. Anakwinya nkhope, milomo inalimbana, ndipo anatembenukira kwa mayi uja.

"Pati?"

Linali liwu lawo loyamba la chilankhulo cha kwawo chidwalireni, ndipo silinapite kwa mkazi wawo.

"Mwadumpha liwu, a Inki," anatero mayi wa pensulo modekha. "Bwererani."

Bambowo anatsonya, monga ankachitira nsapato ikathina, n'kubwerera. Anapitiriza mpaka anatopa n'kugona. Tiyi anali atazizira, koma amayi awiriwo anakamwa choncho m'chipinda chosokera, wina pa benchi, wina pa mpando wa mashini. Mayi Singano sanali munthu wofunsa mafunso, ankakonda kupeza yekha mayankho m'matumba. Koma apa panalibe thumba lopisamo.

"Ndikufunseni, mayi, ndipo musandinamize, takula tonse. Munali ndani kwa iwo?"

Mayi uja anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Popanda magalasi maso ake anali aang'ono, otopa.

"Iwo ankawerenga, ine ndinkamvetsera. Dzanja lawo sindinaligwirepo. Kunyumba kwanga sakudziwa n'komwe mtundu wa chitseko." Anavalanso magalasi. "Koma mwati ndisakunamizeni. Kumvetsera munthu tsiku lonse, zaka zonse zija, si kanthu kakang'ono. Kwa ine sikanali kakang'ono. Kwa iwo sindikudziwa, sindinafunse."

"Ankalankhula za kunyumba?"

"Akatopa kuwerenga ankalankhula. Ankati mkazi wanga akayamba nkhani umachita kumva kukoma, sufunanso kumudula."

Mayi Singano anayang'ana nkhope ija mosamala, kufuna kuona ngati mawuwo asokedwa pompo kuti awatonthoze. Msoko sanauone. Izi sizinatanthauze kuti palibe, mwina wosokayo anali waluso. Koma mawuwo anawapweteka kuposa mmene chibwenzi chikanawapwetekera, chifukwa anakumbukira madzulo onse aja, mashini akulira, iwo akulankhula, munthu ali pawindo akugwedeza mutu. Sanaimitsepo phazi kuti amve ngati ali ndi mzere wake.

Mayi wa pensulo anadzuka kuti azipita. Anati akhoza kumabwera ngati akufunika. Mayi Singano anayankha kuti aona, n'kumuperekeza mpaka pa msewu. Pobwerera anapeza pensulo ija ili pa benchi. Kuiwala kapena dala, sanathe kudziwa, ndipo mpaka lero amati akaganiza m'mawa amapeza yankho lina, madzulo lina.

Mawa lake masana anaphimba mashini ndi nsalu, makasitomala adikire. Anatenga pensulo, n'kudzipanikiza pa kampando kaja pakati pa bedi ndi khoma, ngakhale kuti thupi lawo silinali la malo oterowo. A Inki anawayang'ana modabwa. Panapita nthawi, mayiwo osanena kanthu, chinthu chimene chinali chovuta kwa iwo kuposa kusoka suti. Kenaka chala chinayenda, mzere woyamba unatuluka, ndipo mutu unapendekera kwa iwo.

Anagogoda kamodzi. Mzere wachiwiri unabwera.

Sankamva liwu ngakhale limodzi. Sankadziwa ngati akunena za nkhondo, za Mulungu kapena za ng'ombe. Ankangodikira mawu aime, n'kugogoda, ndipo amuna awo ankapitiriza, khutu lili kwa iwo. Anayenda choncho mizere yambiri. Ndiye mtima wakale uja unadzuka. Anafuna kudziwa ngati munthuyu akudziwa amene wakhala pambali pake, kapena kwa iye pensulo ndi pensulo, agwire aliyense. Mzere wina utatha bwinobwino, anagogoda kawiri.

A Inki anaima. Anaubwereza mzerewo pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Mayi Singano anagogodanso kawiri, nkhope ili gwa.

Bambowo anatembenuza mutu wonse. Sanafunse kuti pati. Anawayang'ana mkazi wawo m'maso, mbali yamoyo ya pakamwa inakwera pang'ono, ndipo milomo inavutika kanthawi isanagwire mawu.

"Iwe," anatero. "Wanama."

Anali asanawatchule kuti iwe kuyambira mwana woyamba atabadwa. Mayi Singano anaseka, kuseka kunasanduka kulira, ndipo anapukuta maso ndi bulangete la wodwala.

"Ndanama, inde," anatero. "Pitirizani, abambo, ndikumva."

Anagogoda kamodzi. Pensuloyo sanabweze, imakhala m'kachitini ka mabatani pamodzi ndi kachilembo kaja.